Tambala wa pa Chitseko cha Malume

Mabuku a mbiri adzakuuzani kuti ulamuliro wa chipani chimodzi m'dziko muno unatha ndi mavoti. Sindilimbana nawo mabukuwo, kungoti amene anawalemba sanafike kwathu. Kwathu, kumapiri a Dowa, ulamulirowo unatha ndi ine, ndi manja anga awiriwa, ndowa ziwiri ndi malaya akale a flanelo. Kunena mosawonjezera mchere, unatha pa chitseko chimodzi cha pikapu ya malume anga, chakumanzere. Chakumanja chili ndi nkhani yakeyake.

Nthawi imeneyo n'kuti nditabwerako ku koleji, kumene ndinkaphunzira za mainjini. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere ndili m'chaka chachiwiri: iwo anatsala ndi satifiketi, ine ndinatenga mawu akuluakulu. Ndinkakhala kwa malume, mlongo wawo wa mayi anga, mlimi wa fodya, amene ankanditchula kuti "a injiniya" nthawi zonse akafuna kuti ndiwanyamulire thumba la feteleza.

Pikapuyo akuti inali yofiira pogula. Ine ndinaipeza itafika pa mtundu wa njerwa yosapsa bwino. Ukaipaka chala, chalacho chinkabwera ndi ufa ngati wa choko. Malume sanali munthu wandale. Anali munthu wa galimoto, ndipo masiku amenewo ukakhala ndi galimoto ndale zinkakupeza zokha pakhomo. Anthu a chipani anabwera, anamata tambala wawo wakuda wapulasitiki pa chitseko chilichonse, wamkulu ngati lichero, ndipo kuyambira pamenepo pikapu inkanyamula amayi ovina kupita nawo ku misonkhano. Zinthu zitasintha, malume anatenthetsa madzi n'kumatula atambala onse awiri. Koma pansi pa pulasitiki dzuwa linali lisanafikepo zaka zonsezo. Tambala wakuda anachoka, panatsala tambala wofiira, wa utoto watsopano, wowala, wooneka wonenepa kuposa woyamba uja.

"Achoka yekha," anatero malume.

Chaka chinatha asanachoke.

Kenako kunabwera za ukwati. Msuweni wanga, mwana wa malume, anapeza mwamuna, mphunzitsi wachinyamata wa kumapiri a Ntchisi. Bambo ake a mnyamatayo nawonso anali mphunzitsi kale, ndipo anakhalako zaka ku Dzaleka nthawi imene kunali ndende. Chifukwa chake sankachinena, ndipo m'masiku amene anatengedwawo chifukwa sichinali chinthu chofunika kwenikweni. Anatuluka ndi miyendo yosapita patali. Mudzi wawo unali pamwamba pa chitunda, kumene basi sinkafika, ndipo mgwirizano unali woti pa tsiku la ukwati pikapu ya malume ikawatenge.

Ankhoswe a kuchimuna ndiwo anabweretsa uthenga, moyang'ana pansi. Mwana wa malumeyo amukonda, palibe chovuta. Koma bambo akuti galimoto ya mbalame ija sakwera. Anakwerapo kale kamodzi, pa ulendo wa ku Dzaleka. Ndipo mkwati anali atanena kuti bambo ake akapanda kukhala m'tchalitchi, iyenso sadzaonekamo.

Galimoto ina m'dera lathu kunalibe, kupatula thalakitala. Kupaka utoto watsopano ku Lilongwe kukanadya ndalama za fodya zimene zinali zitalowa kale m'mbuzi, mpunga ndi deresi.

Msuweni wangayo anandipeza ndili pansi pa mtengo wa mango, ndikuganizira za tsogolo la dziko.

"Amuna anga," anatero, monga tinkaitanirana pa chisuweni, "chaka chonse ndi theka ku koleji, simunaphunzireko kupirikitsa nkhuku?"

"Zimenezo zinali za chaka chachitatu."

"Mverani. Ukwati wanga ukatha chifukwa cha nkhuku, ndikwatiwa ndi inu. Ndipo tizidzadya mawu anu akuluakuluwo."

Chiopsezo chimenechi ndinachimva bwino. Ndinadzuka.

Apabanja anali atayesa kale nzeru zawo. Malume anali atamukhula tambalayo ndi sopo ndi chisanza, ndipo iye anathokoza powala kwambiri. Akazi a malume anabwera ndi phulusa losakaniza ndi mchenga wa kudambo, monga amachitira ndi mapoto, ndipo ndinawaimitsa dzanja lili m'mwamba.

Ndinawasonkhanitsa onse atatu patsogolo pa chitseko n'kuyankhula monga munthu amene anaonako mkati mwa laibulale.

"Malume, tambalayu alibe mlandu. Tambalayu ndiye utoto weniweni wa galimoto yanu. Wolakwa ndi galimoto yonseyi. Dzuwa lapha utoto wapamwamba, ndiye ufa mukuuonawu. Pansi pake pali utoto wamoyo, wofanana ndi wa tambalayu. Tichotse wakufawo."

Malume anakanda chibwano. "Ndiye mukuti galimoto yonse isanduke tambala?"

"Yonse, malume. Kuti iyeyu asowe poima."

Anandipatsa ndalama, ndinakwera minibasi pa Boma kupita ku Lilongwe. Kwa anthu owongola magalimoto ndinagula kachitini ka phala loyera lokhulira utoto, limene iwo amalitcha kompaundi. M'sitolo ina ndinapeza polishi wa galimoto wa mitundu iwiri. Wina anali wamadzimadzi, wa m'botolo. Wina anali wa m'chitini chophwatalala, wouma gwa ngati sopo wokhalitsa. Wogulitsa anayamikira wa m'botolo, akuti umangothira, kupukuta, basi galimoto yawala usanatuluke thukuta. Ndinamufunsa kuti wokhalitsa ndi uti. Anati onse ndi abwino. Munthu akakuuza kuti onse ndi abwino ndiye kuti wina wamukhalira pashelefu. Ndinatenga wa m'chitini, poganiza kuti chinthu cholowa mosavuta chimatulukanso mosavuta. Ineyo ndinalowa ku koleji mosavuta.

Ntchito ndinaigwirira m'chigafa. Fodya anali atapita ku okushoni, chigafa chili mbee, ndipo munali mthunzi wopanda mbalame. Galimoto sitsukidwa padzuwa, sopo amaumira pomwepo n'kusiya mawanga. Sitsukidwanso pansi pa mango, pokhapokha ngati mukufuna kuyambiranso. Ndinayamba padenga kutsika pansi, ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira chisanza. Akazi a malume anafunsa ngati madzi asiya kutungidwa pamutu masiku ano. Ndinawafotokozera kuti fumbi la ku Dowa ndi mchenga wopera, ndipo ukalibwezera pa galimoto ndi chisanza chomwecho ndiye kuti ukuilemba mizere ndi dzanja lako. Anandiloza kumene kuli chitsime. Madzi a ndowa yachiwiri ndinkatunga ndekha.

Kenako palafini. M'mbali mwa tambala munali zomatira zakale zouma, ndipo kumunsi kwa zitseko kunali timadontho ta tara wa mumsewu wa ku Mponela. Palafini amasungunula zonsezi mwaulemu, osakanda. Koma naye akatsalira polishi sagwira, ndiye ndinatsukanso ndi sopo. Muyeso wake ndi chikhato. Ukayendetsa dzanja pa chitsulo chouma, lisamve timchenga. Lizitsetsereka ngati pa mbale yadothi ya alendo.

Kompaundi ndiye anali mtima wa nkhani. Umatenga pang'ono, pa flanelo wonyowa, n'kukhula kachigawo kakang'ono, kosaposa mpango wa m'thumba, mpaka phalalo litatha mphamvu. Ukapukuta, pamatuluka kufiira kumene aliyense anali ataiwala. Flanelo amabwera wapinki, ndiwo utoto wakufa uja. Nditamaliza kachigawo koyamba, pafupi ndi mlomo wa tambala, mlomowo unasowa. Unangomira m'kufiira kwa mnzake. Malume anawerama, anayang'ana, anaimirira, anaweramanso.

"Pitirizani," anatero, ndipo anapita kukauza anthu ku golosale.

M'makona ndi m'mizere yotukuka utoto umakhala wopyapyala, ndipo ukalimbikirapo umafika pa utoto wotuwa wapansi, umene subwerera. Pamenepo dzanja liziyenda ngati likusisita khanda. Pena ponse liziyenda ngati likusinja. Pikapu ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera uli m'mbali mwa msewu kuiimitsa. Mapewa anga anaphunzira zimene koleji inalephera kuwaphunzitsa. Msuweni ankabwera masana kudzakhula nawo boneti, akuti akufuna kuona ndi maso ake kuti sindikugona.

"Mukanalimbikira chonchi ku sukulu," anatero, "bwenzi pano muli ndi galimoto yanu."

"Bwenzi pano iwe ulibe ukwati."

"Khulani apo, mwasiyapo."

Mmene tinkamaliza, pikapu inali yofiira monga anainenera makolo. Koma utoto wokhulidwa uli ngati munda wolimidwa kumene, ukausiya pamtunda dzuwa ndi fumbi zimabwerera. Unafunika chophimba. Apa ndi pamene m'banja munabuka zipani.

Malume ankafuna dizilo. Anaona madalaivala a malole akupukuta magalimoto awo ndi kansalu konyowa dizilo, ndipo ankawala mpaka ku Kanengo. Msuweni ankafuna phula la njuchi losungunula ndi palafini, chifukwa phulalo linachokera kwawo kwa mwamuna wake, ndipo masiku amenewo chilichonse cha ku Ntchisi chinali chabwino. Akazi a malume ankafuna kobula wofiira, polishi wopaka pansi uja. Khonde lawo linali lodziwika mpaka kumidzi yoyandikana nayo. Alendo ankavula nsapato osauzidwa, ena ankaterereka. Kwa iwo nkhani inali yachidule: galimoto ndi yofiira, kobula ndi wofiira, chitini cha ku Lilongwe ndi chachikasu.

Kale malume akananena mawu amodzi nkhani n'kutha. Koma inali nyengo imene aliyense anali atangolawa kuvota, ndipo zinkakoma. Ndinagawa boneti panayi ndi ulusi wa thumba la feteleza, aliyense anapaka chake m'chigawo chake, ndipo tinagwirizana kuti galimoto iyende maulendo ake okagula za ukwati, kenako tidzaone.

Tsiku loyamba dizilo anatsogola. Ankawala ngati wanyowa ndi mvula, ndipo malume ankayenda mozungulira ngati apambana kale. Pobwera ku Mponela, chigawo chawo chinali chitatola fumbi lonse la mumsewu, moti ukanatha kudzalapo mtedza. Phula la njuchi linalimba m'mawa, masana linafewa n'kuyamba kunyata, aliyense wogwirapo ankasiyapo chala chake, ndipo njuchi zingapo zinabwera kudzafunsa za katundu wawo. Kobula anachita mabala, pena pakuda pena powala, ndipo malume atatsamirapo ndi malaya oyera anachokapo ngati achita ngozi. Chigawo changa fumbi linkangokhalapo ngati mlendo, ukauzira linkanyamuka.

Tsiku lowerenga mavoti ndinatenga kapu ya madzi n'kuthira pa chigawo chilichonse. Pa zitatu zija madzi anayala, anachita matope. Pa changa anasanduka timikanda n'kugubuduka ngati pa nthenga za bakha. Ndinalengeza zotsatira ndi mawu a pa wailesi.

Malume anavomera. Msuweni anati bola nkhuku yapita. Akazi a malume anapinda manja.

"Woimira ndinu, wothira madzi ndinu, wolengeza ndinu. Chisankho chanji chimenecho?"

"Mayi, madzi sanama."

"Khonde langa lija laona mvula zingati? Ana, mbuzi, alendo a maliro. Linayamba latuwa?"

"Khonde siliyenda, mayi."

"Hm," anatero, n'kulowa m'nyumba ndi chitini chawo.

Munthu wodziwa ndale akanaimva "hm" ameneyo. Ine ndinali wa mainjini.

Ndinatsukanso boneti ndi palafini ndi sopo, kenako ndinapaka galimoto yonse polishi wa m'chitini. Chinsinsi chake ndi kuumira. Umapaka wochepa kwambiri, wongooneka ngati mpweya pagalasi. Umadikira achite mbuu, n'kudutsapo chala. Chala chikasiya njira yoyera, wauma, pukuta ndi flanelo wouma, ukumutembenuza. Wambiri sawonjezera kulimba, amangowonjezera ntchito. Nditamaliza, tinaitulutsa pikapu padzuwa, tinaiyang'ana kutsogolo, m'mbali, chogwada. Tambala kunalibe. Chala chokha, ukachiyendetsa mofatsa, chinkamva kamzere kopyapyala ngati tsitsi pamene pankathera pulasitiki, chifukwa utoto wa pansi pake unali wotukuka pang'ono kuposa unzake. Koma apongozi a msuweni sankabwera kudzawerenga galimoto ndi zala.

M'mawa wa tsiku la ukwati ndinatuluka nditavala jekete la malume, n'kupeza akazi awo atagwada pa chiguduli m'chigafa, monga amagwadira pakhonde. Chitseko chakumanja, cha dalaivala, chinali chitamalizidwa. Kobula anali atapakidwa mowolowa manja. Iwo n'kuti akukoka chiguduli kuti azungulire mbali inayo.

"Mayi."

"Amuna anga asapite kwa asebele ndi chitseko chouma."

"Chinacho chisiyeni, chonde. Chisiyireni ine."

Anandiyang'ana, anayang'ana chitini chawo, n'kutseka. "Theka ndi theka," anatero. "Si ndiye boma la masiku ano?"

Palafini anali atatha. Malume anali akuliza kale injini, chifukwa Ntchisi si pafupi ndipo abusa sadikira. Ndinapukuta chitsekocho ndi flanelo mmene ndikanathera. Chinaoneka bwino ndithu, chofiira modera pang'ono. Ndinakwera kumbuyo, tinanyamuka.

Msewu wake unali wa nyengo yadzuwa, fumbi lofika m'mano. Tinakwera zitunda, tinatsika, tinakweranso, nkhalango ya Ntchisi ili chakutsogolo. Pofika pakhomo pa mkwati, malo oimika anali amodzi okha osatsetsereka, ndipo anaika mbali ya dalaivala moyang'ana nyumba. Ndinadumpha pansi n'kuona zimene anthu onse pakhondepo anali akuona kale.

Kobula anali atatsalira m'kamzere kaja, kamene flanelo sanakafike, ndipo fumbi la msewu wonse linali litamatirira pomwepo. Pa chitseko chowala panali tambala wojambulidwa ndi mzere umodzi, mlomo, chifuwa, mchira, miyendo, mwaluso loposa la amene anamujambula poyamba.

Malume anatsika, anatseka chitseko, anaona. Anavula chipewa.

Bambo a mkwati anatuluka m'nyumba atavala suti yotuwa, ali ndi ndodo. Anali aafupi kuposa mmene ndinkawaganizira. Anatsika masitepe awiri a khonde mmodzimmodzi, anayenda mpaka pa chitsekocho n'kuima. Amayi amene anali atayamba nyimbo anaisiyira pakati.

"Asebele," anatero malume, "tinayesetsa. Mwanayu wakhula mpaka manja kutupa. Dzulo panalibe."

Bambowo anamuyang'ana tambalayo kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

"Waonda," anatero.

Palibe anadziwa ngati n'zoseka. Iwo anayamba kuyenda, ndodo patsogolo, kuzungulira kumaso kwa galimoto, dzanja lina likutsetsereka pa boneti. Ine ndinkawatsatira patali pang'ono. Atafika pa chitseko chakumanzere anatulutsa mpango, anapukuta fumbi, ndipo linachoka lonse ndi kupukuta kumodzi. Anayang'ana chitsekocho mwachindunji. Anapendeka mutu n'kuchiyang'ana cham'mbali, mmene mphunzitsi amayang'anira kope limene akulikayikira kuti mwafufutidwa. Anatenga nthawi.

"Wagwira ntchito iyi ndani?"

"Mwana wa mlongo wangayu," anatero malume. "A injiniya."

Panalibe thumba la feteleza pafupi.

Bambowo ananditembenukira. "Kuno kulibe."

"Kulibe, bambo."

"Ndiye ine ndikwera kuno." Anatsegula chitseko okha, anayamba kulowetsa ndodo. "Ukoko ndi kwanu, asebele. Inu ndi iyeyo mukudziwana."

Nyimbo inayambiranso pamene inalekera. Anthu anadzaza kumbuyo, mkwati pakati atafunda nsalu kuti suti isade, ine pakona nditagwira ndowa. Zimene ankakambirana awiriwo kutsogolo sindinazimve. Ndinkangoona pagalasi la kumbuyo mitu iwiri. Chigawo choyamba cha ulendo yonse inali youma, yoyang'ana kutsogolo. Titadutsa mlatho wina, mutu wa bambowo unatembenuka, unanena kanthu, ndipo mapewa a malume, amene anali m'makutu chinyamukireni, anatsika.

Ukwati unamangidwa. Msuweni anatuluka m'tchalitchi, anandipeza pa khomo, anandiuza chapansipansi kuti ndapulumuka. Akazi a malume anauza amayi anzawo kuti galimoto inawala chifukwa cha anthu awiri, ndipo sindinatsutse, popeza nthawi ya madandaulo inali itatha.

Polishi wa m'chitini uja anagwira dzinja lonse. Mvula ya chaka chimenecho inkagwa pa pikapu n'kumagubuduka, ndipo timikanda tinayamba kuphwatalala chimanga chitayamba kuuma, nthawi imene ndinapakanso. Chitini chomwecho chinatikwanira kangapo. Mpaka lero munthu akandifunsa za polishi ndimamuuza kuti atenge wouma, apake wochepa, ndipo asanapake atsuke ngati akuyembekezera apongozi.

Chitseko chakumanja ndinachikonza tsiku lotsatira ukwati, anthu akutsuka miphika. Kobula amachoka ndi palafini, ndipo tambala anapita naye limodzi, ulendo uno osabweranso, ngakhale kuti mbiri inali italembedwa kale dzulo lake. Nditapempha ndalama ya palafiniyo, malume anandionetsa matumba awo onse awiri, n'kunena kuti chuma chawo chinathera pa perekaniperekani. Ndinapita ku golosale ndekha ndi botolo. Kuthetsa ulamuliro wa zaka makumi atatu kunandidyera makwacha anayi.